Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Kadzutsa Amene Amayamba Madzulo

Gawo lapitalo linalekezera pamene ndinalowa ntchito ya kukhitchini. Lero ndidziika pambali pang'ono kuti ndilembe zimene manjawa anaphunzira kumeneko. Pa zakudya zam'mawa za mitundu ina, ziwiri zimene ndimazipatsa ulemu kwambiri n'zimene sizitheka kuzipanga mutadzuka kale. Ntchito yake imagwirika usiku, anthu ali m'tulo.

Choyamba ndi idli wa kummwera kwa India, kuzigawo za Tamil Nadu ndi Karnataka. Ndi timikate toyera, tofewa, tophika ndi nthunzi, osati tokazinga m'mafuta. Mufunika makapu 4 a mpunga waufupi umene anaufutsa usanapunthidwe, kapu 1 ya urad yosenda, ndi kasupuni kamodzi ka njere za methi (zokometsera zimene pa Chingerezi amati fenugreek). Urad ndi m'bale wake wa mphodza, wakuda khungu koma woyera mkati, ndipo amapezeka m'masitolo a amwenye. Kilombero musungireni ndiwo za nkhuku. Pano fungo lake lingotayika, ndipo idli wa mpunga wosafutsa amatuluka wolimba.

Viikani mpunga paokha, urad ndi methi paokha, kwa maola 4 mpaka 6. Kupera kumayambira pa urad, ndipo apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Thirani madzi ozizira pang'onopang'ono mpaka phalalo lisalale n'kupepuka ngati thovu. Dontheza pang'ono m'kapu ya madzi: likayandama, mwakhoza. Makina operera akatentha, aimitseni azizire, chifukwa kutenthako kumafooketsa tizilombo tosasitsa phala. Mpunga uperedwe wosasalala kwambiri, uzimveka timisere pa chala. Kenako sakanizani zonse ndi dzanja, thirani mchere, vindikirani m'mphika waukulu wodzaza theka lokha, chifukwa phalali limakwera pafupifupi kawiri.

Limafuna maola 8 mpaka 12 pamalo ofunda, madigiri 25 mpaka 32. Ku Chennai, mzinda wotentha wa ku Tamil Nadu, nyengo imachita yokha ntchitoyi. Kuno mu Okutobala palibe vuto, mwinanso limasasa mopitirira n'kuwawasa ngati thobwa logona masiku. Koma mu Juni ndi Julayi, makamaka kumalo ozizira ngati Dedza, mudzapeza m'mawa lili momwe munalisiyira. Kutani mphika ndi bulangete, muuike pafupi ndi mbaula imene ikuzima, ndipo mchere mudzathire m'mawa popeza umachedwetsa kusasa. Likakwera musalitakase mwamphamvu, mungatulutse mpweya umene mwaudikira usiku wonse. Pakani mafuta pang'ono m'timbale, thiranimo phala, ikani pa nthunzi kwa mphindi 10 kapena 12, ndipo dikirani pang'ono musanachotse ndi supuni yonyowa. Idli wolimba ngati mwala ndiye kuti phala silinasase kapena linali louma. Wophwatalala ndiye kuti madzi anachuluka.

Ndiwo yake ndi sambar, ndipo Mmalawi akaiona amaseka, chifukwa zonse n'zapakhomo: nandolo wosenda, bwemba, tomato, anyezi, nthawi zina zitheba za chammwamba. Ndi nandolo yemweyo amene alimi a ku Mulanje ndi Phalombe amagulitsa kuti apite ku India. Phikani theka la kapu ya nandolo mpaka aphwanyike, ndipo madzi a bwemba alowe nandolo atapsa kale. Mukatsogoza bwemba, chowawasacho chimalimbitsa nandolo moti sapsa msanga. Pomaliza kazingani njere za mpiru m'mafuta mpaka zithetheke, n'kukhuthulira pamwamba.

Chachiwiri ndi ful medames wa ku Egypt, nyemba za fava zing'onozing'ono zofiirira. Makapu 2 aviikidwe maola 12, madziwo atayidwe. Ku Cairo amaphikira mumphika wa mimba yaikulu ndi khosi lopapatiza, kuti nthunzi izibwerera mkati nyemba zisaume, ndipo kale miphikayi inkagona pa makala a nyumba zosambira za m'tauni mpaka kucha. Kunyumba, mphika wolemera wa chivindikiro chothina ukwanira. Madzi apitirire nyemba ndi zala zitatu, onjezani supuni 2 za masoor wofiira (mtundu wa mphodza) kuti msuzi ulimbe, ziwire kamodzi, kenako moto wochepetsetsa kwa maola 6 mpaka 8. Madzi akachepa thirani owira, osati ozizira. Osavundukula kawirikawiri, nyemba zimada. Zikapsa, phwanyani theka lake ndi mthiko, thirani mchere, adyo wosinja, jeera (chitowe), madzi a mandimu ndi mafuta osawaumira. Amadya ndi buledi wawo wophwatalala wotchedwa aish baladi, anyezi wamuwisi, mwinanso dzira lowiritsa. Munthu akadya zimenezi njala imamupeza dzuwa litapendeka.

Chenjezo limodzi: amene anabadwa ndi vuto la magazi lotchedwa kuchepa kwa G6PD asayerekeze kudya fava, chifukwa zimaswa maselo ofiira a magazi, ndipo vutoli si lachilendo kuno ku Africa. Nyemba zathu zofiira zimalowa bwino m'malo mwake, bola ziwire mwamphamvu kwa mphindi 10 musanachepetse moto, ngakhale kukoma kwake kumasiyanako.

Zina ndingodutsamo. Phala la mpunga la ku China, limene ku Guangdong amati jook, ndi kapu 1 ya mpunga pa makapu 10 a madzi, ola limodzi ndi theka, kuikamo jinja, nsomba kapena nkhuku, osati shuga. Kwa ife ozolowera phala lansinjiro lotsekemera, supuni yoyamba imadabwitsa, yachitatu imakoma. Kadzutsa wa Angelezi, mazira, soseji, bekoni, nyemba zam'chitini ndi tositi, ndimauona ngati ntchito yowerengera nthawi basi. Soseji iyambe, imafuna mphindi 15 pa moto wapakati, mazira abwere pomaliza, ndipo mbale zikhale zofunda.

Phala la idli lotsala musataye. Tsiku lachiwiri limakhala litawawasako, ndipo mukalisungunula ndi madzi pang'ono n'kuliyala mopyapyala pa chiwaya chotentha chopaka mafuta, mwapanga dosa. Za chiwayacho, ndi chifukwa chake dosa woyamba amamatirira nthawi zambiri, tidzakambirana m'gawo 10.