Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Magetsi a sola ndi chinyezi cha ku Likoma

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinapeza nyumba kumtunda kwa Mbamba, ya njerwa zootcha, yofolera malata, pansi pa simenti, koma yopanda magetsi. Sikuti ku Likoma kulibe magetsi ayi. A EGENCO ali ndi malo awo opangira magetsi a dzuwa pamodzi ndi majenereta a dizilo, kuno komanso ku Chizumulu. Kungoti nyumbayi ili patali ndi polo lomaliza, ndiye nditawerengera za mapolo ndi mawaya ndinaona kuti bola sola yangayanga. Gawo la lero ndi la zimenezo, ndipo ndilowa mwakuya chifukwa amene akuganiza zokakhala pachilumba, kaya kuno kaya kwina, afunika manambala enieni.

Mlendo wobwera pa Ilala mu Ogasiti kapena Okutobala sangakhulupirire mukamuuza za chinyezi. Nthawi imeneyo chilumba chimakhala chouma gwa, miyala ili mbee, milambe yopanda tsamba, fumbi lili koboo. Koma mvula ikangoyamba mu Disembala mpaka cha mu Epulo, nyanja yatizungulira mbali zonse, mpweya umakhala wonyowa usana ndi usiku. Thaulo losambira m'mawa limafika madzulo lisanaume. Machesi amakana kuyaka, mchere umachita madzi m'botolo. Nyengo imeneyi ndiye yoyenera kuiganizira pogula zida. Wogula sola poyang'ana dzuwa la Okutobala adzagona mumdima mu Febuluwale.

Kuwerengera kwake nkosavuta. Chida chilichonse, chulukitsani mawati ake ndi maola amene chimayaka patsiku. Kwanga kuno filiji yaing'ono imadya pafupifupi 700 Wh (Wh ndi mawati ochulukitsa ndi maola) patsiku kukatentha. Mababu asanu ndi limodzi a LED a 5 W, maola asanu, ndi 150 Wh. Mafani awiri a 25 W, maola asanu ndi atatu, ndi 400 Wh. Laputopu ndi mafoni, 250 Wh. Zonse pamodzi 1,500 Wh. Ambiri amalekera pomwepa, kuiwala kuti inverter, chida chosandutsa magetsi a batire kukhala ofanana ndi a pamapolo, nayo imadya ngakhale palibe chimene mwalumikiza. Ya 15 W yongokhala chiyakire maola 24 yatha kale 360 Wh, kuposa mababu onse m'nyumba. Tafika pa 1,860 Wh. Onjezani gawo limodzi mwa magawo anayi la mphamvu yotayika m'mawaya, mu batire ndi chifukwa cha kutentha, mupeza pafupifupi 2,300 Wh. M'nyengo ya mitambo ine ndimawerengera maola anayi okha a dzuwa lamphamvu, choncho 2,300 kugawa ndi 4 ndi 575 W. Mapanelo awiri a 330 W lililonse akukwana, ndipo patsalako kachenje.

Mapanelo enieniwo savuta. Likoma ili pafupifupi madigiri 12 kumwera kwa equator, ndiye panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka madigiri 12 mpaka 15. Musaigoneke fulati ngakhale wina akuuzeni kuti dzuwa lili pamutu, chifukwa madzi amadikha m'mphepete mwa felemu, matope nkuuma pamzere wam'munsi wa maselo, ndipo mzere umodzi wophimbika umagwetsa mphamvu ya panelo yonse. Pakati pa malata ndi panelo pakhale mpata wa masentimita 10 mpaka 15 kuti mphepo izidutsa. Mawati olembedwa kuseri kwa panelo amayezedwa pa 25°C, ndipo digiri iliyonse yopitirira apo imachotsa pafupifupi 0.4 peresenti. Panelo yomatirira pamalata masana imatha kufika 65°C, kutanthauza kuti mwataya 16 peresenti popanda chowonongeka chilichonse.

Chimene a kumtunda sachidziwa ndi nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja ngati utsi. Mphepo ikatikankhira kumtunda timatera paliponse, ndipo pagalasi lonyowa ndi mame timamatirira nkuuma pomwepo. Mvula yokha siichotsa bwinobwino. Pamafunika ndowa ya madzi ndi nsalu yofewa, m'mamawa galasi lisanatenthe. Madzi ozizira pagalasi lotentha ndi dzuwa akhoza kuling'alula. Sopo wa ufa musathire, amasiya chifunga pagalasi. Babu la pakhonde nalo lisakhale pafupi ndi zenera la chipinda cha mabatire, chifukwa usiku wa nkhungu zonse zimathamangira kuwalako.

Tsono pamene pagona nkhani ndi polumikizira. Sola ya kunyanja siifera pa panelo kawirikawiri, imafera pamfundo. Waya wa kopa ukakumana ndi chinyezi umachita zobiriwira kenako nkuda. Dzimbiri limenelo limapanikiza magetsi, pamalopo pamatentha, kutenthako kumamasula bawuti, bawuti yomasuka imalowetsa chinyezi china, basi zikungozungulira choncho mpaka pulasitiki isungunuke. Mwini wake amangoona kuti batire sakudzadza ngati kale, nkuyamba kunena kuti anamugulitsa panelo yabodza, pamene vuto ndi kamfundo kamodzi kamene anapota ndi manja nkukulunga tepi yakuda. Tepi imeneyo padenga siitha chaka. Guluu wake amasungunuka ndi dzuwa, madzi amalowa, ndipo akalowa satulukanso.

Padenga gwiritsani ntchito waya weniweni wa sola wa 6 mm², uja timawaya take tam'kati tinakutidwa ndi tini nkumaoneka toyera, ndi mapulagi a MC4 ofinyidwa ndi pulayazi yake, osati yawamba. Mapulagi awiri olumikizana akhale a kampani imodzi, chifukwa a makampani osiyana amalowana ndithu koma samatsekana bwino. Amangirireni m'mwamba kunsi kwa panelo, asagone mumsewu wa madzi pamalata. Waya asanalowe m'khoma, mugwetseni pang'ono apange ngati chilembo U, kuti madzi oyenda pawayapo adonthere pansi m'malo molondola mpaka m'nyumba. Mabawuti a pafelemu akhale a stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri. Felemu ndi ya aluminiyamu, ndipo zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pali chinyezi chimodzi chimadya chinzake. Waya wa kopa womangidwa mwachindunji pafelemu ya aluminiyamu amayambitsa ufa woyera pamalopo, nkuboola felemu pang'onopang'ono. Pakati pake pafunika kolumikizira kake ka stainless. Ife kuno tili ndi mwayi woti madzi a nyanja yathu alibe mchere. Anzathu a ku Zanzibar kapena Ilha de Moçambique zomwezi zimawachitikira msanga kwambiri.

M'nyumba muli zida zitatu: controller, inverter ndi batire. Controller ndi chida choyang'anira kalowedwe ka magetsi a mapanelo mu batire, ndipo yanga ndi ya mtundu wa MPPT, ya 30 A. Mapanelo awiri olumikizidwa motsatizana amaphatikiza mavoti awo, ndiye werengani nambala ya Voc (mavoti a panelo isanalumikizidwe ku kanthu) kuseri kwa panelo, muchulukitse kawiri, muone kuti ili pansi ndithu pa malire a controller. Polumikiza yambani ndi batire kenako mapanelo. Pomasula yambani ndi mapanelo. Mukasemphanitsa, ma controller ena amapsa nthawi yomweyo. Inverter ya 1,000 W pa 24 V imakoka ma amp opitirira 45 ikadzadza, choncho waya wake ndi wa 16 mm², wosapitirira mita imodzi ndi theka, ndi fyuzi ya 60 A pafupi penipeni ndi mutu wa batire. Fyuzi imeneyi musaichite chibwana. Batire ikachita shoti, waya amafiira m'masekondi ochepa, ndipo kuno ozimitsa moto ndi anansi anu ndi ndowa zawo.

Za malo oika zidazi, maganizo oyamba a munthu aliyense ndi kuzitsekera m'kabati kuti chinyezi chisazipeze. Kumeneko ndiko kuzipha. Masana zimatentha, mpweya wa m'kabati umatenga chinyezi chambiri, usiku kukazizira chinyezicho chimasanduka timadontho pa bolodi la m'kati. Zimafuna mphepo yoyenda. Zikhomereni pathabwa, thabwalo litalikirane ndi khoma masentimita awiri kapena atatu, pakhoma la m'kati mwa nyumba osati limene mvula imawomba kunja kwake, kutali ndi bafa ndi nthunzi ya kukhitchini. Pamwamba ndi pansi pa inverter pasakhale kanthu masentimita 20. Komano malo ofunda ndi ouma chotere ndi amene nalimata, mphemvu ndi nyerere zimafuna. Nalimata mmodzi akagona pa bolodi nkukhudza mbali ziwiri, inverter yatha, ndipo yokonzetsa iyenera kukwera sitima kupita ku Nkhata Bay nkupitirira ku Mzuzu. Matani waya wa gauze pamabowo opumira, muziupukuta ndi kaburashi mwezi ndi mwezi kuti fumbi lisautseke.

Pa batire ndili ndi mbali yanga ndipo sindibisa. Kumalo otentha, a lithiamu a mtundu wa LiFePO4 ndi abwino kuposa a asidi ngakhale mtengo wake umawawa pogula. Wa 24 V 100 Ah amasunga 2,560 Wh ndipo mungagwiritse ntchito 80 peresenti kapena kuposerapo tsiku ndi tsiku. Kuti mupeze zofanana ndi zimenezo pa a asidi mufunika awiri a 12 V 200 Ah, chifukwa iwo safuna kutsitsidwa kupitirira theka, ndipo aliyense amalemera makilogalamu oposa 50. Ganizirani kukweza ndi kutsitsa zimenezo m'boti pali mafunde. Chinanso, moyo wa batire ya asidi umadulidwa pakati kutentha kukakwera ndi madigiri 8 mpaka 10 pamwamba pa 25°C, ndipo m'nyengo ya mitambo, ikakhala masabata osadzadza, mapuleti ake amagwira zoyera zolimba zimene sizichokanso.

Ngati thumba lalola a asidi okha, asamalireni motere. Akhale pathandala la matabwa, osati pasimenti pamene chinyontho chimakwera. Pamwamba pake pazikhala pouma ndi paukhondo, chifukwa fumbi lonyowa pakati pa mitu iwiri limadutsitsa magetsi pang'onopang'ono usiku wonse. Mitu ikachita zoyera kapena zobiriwira, masulani, tsukani ndi supuni imodzi ya soda m'kapu ya madzi, samalani asalowe m'kati, umitsani, mangani zolimba, kenako pakani Vaseline pamwamba. Kupaka kumabwera pambuyo pa kumanga. Mabatire othira madzi amafuna madzi a batire okhaokha, a m'nyanja ayi ngakhale aoneke oyera bwanji. Chipindacho chikhale ndi potulukira mpweya m'mwamba, poti akamatchaja amatulutsa hayidrojeni amene amaphulika ndi kamoto kakang'ono. Ndipo popeza mvula ya kunyanja imabwera ndi ziphaliwali, khomani ndodo ya earth ya mita imodzi ndi theka pamalo a dothi lenileni losauma msanga, zimene pachilumba cha miyala ngati chino zimafuna kufufuza, muikenso surge protector, kachida koteteza zida magetsi akakwera mwadzidzidzi, pawaya wochokera kudenga.

Chinyezi chomwechi chimalowanso m'zovala ndi m'zakudya. Nguwi imayamba mpweya ukakhala ndi chinyezi chopitirira 70 peresenti kwa masiku angapo, ndipo kachida koyezera chinyezi ka batire yaing'ono kamakuuzani zoona kuposa mphuno. Makina oumitsa mpweya alipo, koma a 250 W kwa maola asanu ndi atatu ndi 2,000 Wh, chakudya cha nyumba yonse. Pa sola ya msinkhu uwu iwalani. Chotsika mtengo ndi fani ndi mazenera otsegula mbali ziwiri zoyang'anana. Bedi ndi kabati zisunthidwe pakhoma mpata wokwana dzanja, zitseko za kabati zizikhala zotsegula masana, matiresi atuluke panja tsiku lililonse limene dzuwa lawala. Nsapato zachikopa ndi malamba ndizo zimayamba kuchita nguwi. Zipukuteni ndi viniga wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana, muziumitse pamphepo.

Zokhazo zimene zimafuna kutsekeredwa ndi zouma kale: masatifiketi, pasipoti, kamera, hard drive. Zimenezi ziikeni m'bokosi la pulasitiki lotseka ndi labala, muponyemo timapaketi ta silica gel, toyamwa chinyezi. Timapaketito tikakhuta timaumitsidwanso pamoto wochepa, cha pa 100°C mpaka 120°C, kwa ola limodzi kapena awiri. Ufa wa kondowole, wa chimanga ndi usipa wouma musatsekere m'chigubu musanatsimikize kuti zauma gwa, apo ayi mudzapeza chuku. Ufa wachuku ndi wotaya. Kusefa kapena kuphika sikuchotsa poizoni wake.

Zovala zoyanika panja m'dzinja zimafuna kusita, makamaka za ana ndi zam'kati, chifukwa cha ntchentche ija imaikira mazira pansalu yonyowa, mphutsi zake nkulowa pakhungu. Simbi yamagetsi imakoka 1,000 W kapena kuposa, ndiye inverter yonse yathera pomwepo. Ine ndimasitira ya makala. Amene inverter yake ndi yokulirapo asite pakati pa 11 koloko ndi 2 koloko masana, batire itadzadza. Maola omwewo ndi otchajira laputopu ndi kuumitsa mabotolo a madzi mufiriji, kuti usiku azisunga kuzizira ndipo filiji isamayake pafupipafupi. Kukachita mitambo masiku atatu otsatizana, chozimitsa choyamba ndi inverter usiku, mababu ndi mafani a DC nkumayaka okha kuchokera ku batire.

Gawo likubwerali ndidzafotokoza za madzi: thanki, pampu ya sola yokokera kuchokera kunyanja, ndi kasefedwe kake.