Funso limene Pallottino anakana kuyankha

Tsopano mtima wakhala pansi. Nkhani ya chiyambi cha Aetrusikani, mtundu wakale wa ku Italy, yandizunguza mutu temu yonseyi, ndipo wandimasula ndi munthu amene anamwalira kale mu 1995, Massimo Pallottino, katswiri wofukula zakale wa ku Rome.

Anzanga, maganizo atatu aja mukuwadziwa, sindichulukitsa gaga m'diwa. Herodotus, wolemba mbiri wakale wa Chigiriki, akuti anthuwa anachokera ku Lydia (ku Turkey wa lero) pothawa njala, wolemba mbiri mnzake Dionysius wa ku Halicarnassus akuti ayi, ndi eni nthaka, ndiye pali enanso oloza kumpoto, kuseri kwa mapiri a Alps. Ukawerenga uyu umavomera, ukawerenga winayo umavomeranso. Pallottino sanasankhe mbali. Iye anati chopotoka ndi funsolo. Ukafunsa kuti "anachokera kuti", ndiye kuti wavomereza kale kuti kwinakwake kunali mtundu wathunthu, wokhala ndi chilankhulo chake, milungu yake ndi mizinda yake, umene tsiku lina unangomanga katundu ulendo wa ku Tuscany, dera la ku Italy kumene Aetrusikani ankakhala. Koma mtundu umachita kupangika, ndipo umapangikira pamalo. Ankapereka chitsanzo cha Afalansa: palibe amafunsa kumene anachokera, poti tonse tikudziwa kuti Agaul, Aroma ndi Afrank anasakanikirana pang'onopang'ono m'dziko lomwelo mpaka kutuluka Afalansa. Chikhulupiriro ichi, luso ilo, kagulu ka anthu aka, zonsezi zikhoza kubwera kuchokera kutali, koma Uetrusikani weniweniwo unaphikidwira pakati pa mitsinje ya Arno ndi Tiber.

Maganizowa ali m'buku lake la Etruscologia la mu 1942, limene analemba asanakwanitse n'komwe zaka 35. Anabadwa mu 1909, ndipo mphunzitsi wake anali Giulio Quirino Giglioli, yemwe uja anafukula chifanizo cha mulungu Apollo mumzinda wa Aetrusikani wa Veii mu 1916. Kafukufuku woyamba wa Pallottino anali wa mzinda umodzi wokha wa Aetrusikani, Tarquinia. Ine ndikuona kuti chinsinsi chagona pamenepo. Munthu amene wakhala nthawi yaitali akuyang'ana manda a phiri limodzi savutika kuona kuti anthu ake ndi omwewo, zinthu zawo ndizo zikusintha.

Ndiye ndinayesa kuchita chimodzimodzi. Ndinatenga pepala lalikulu, n'kundandalika manda a ku Tarquinia ndi Cerveteri kuyambira akale kwambiri kutsika m'munsi. M'zaka za m'ma 800 BC ukupeza anthu otchedwa a Villanova akuwotcha mitembo, phulusa n'kuthira mumtsuko wovundikira ndi mbale kapena chisoti chankhondo, ena mumtsuko woumbidwa ngati kanyumba. M'ma 700 BC Agiriki akhazikika pachilumba cha Pithekoussai, pafupi ndi Naples, amalonda a ku Foinike nawo ali m'madzi omwewo, onse akufuna zitsulo za m'derali. Pofika chaka cha 700 BC kapena chapafupi pomwepo zilembo za Chigiriki zayamba kulembedwa m'chilankhulo cha eni dera. Kenaka mukubwera manda a Regolini-Galassi a ku Cerveteri, odzaza golide ndi katundu wa maonekedwe a kum'mawa. Mapiri ake omwewo, midzi yomweyo ikukula n'kusanduka mizinda. Pepala lonselo palibe pamene ungaloze chala kuti apa alendo afika, eni ake atha. Kunena zoona, njira iyi ya malo amodzi, manda ndi manda, ndikuiona ngati ingathetse theka la mikangano yonse ya m'mbiri yakale. Wina aliyense wokonzekera mayeso aiyese basi.

Chondipsetsa mtima n'chakuti m'kalasi dzina la Pallottino linangotchulidwa kumapeto, nthawi itatha, anthu akulongedza mabuku. Aphunzitsi anatha maola ambiri pa maganizo atatu aja, kutiuza kuti tiloweze ubwino ndi kuipa kwa lililonse, chinthu chomasula mfundoyo n'kuchisiya m'chiganizo chimodzi. Sindiwada kwenikweni, silabasi ndi yaitali ndipo sabata yamawa tikhala tili kale pa Aroma. Komanso tonsefe tinakula ndi mapu a mivi, Amaravi kuchokera ku Uluba, Angoni kuchokera kumwera, mwakuti mutu unazolowera kuti mbiri ya mtundu ndi ulendo. Kuchotsa chizolowezi chimenechi kumafuna nthawi, ndipo nthawiyo ndi imene kulibe.

Mkuluyu sanali wa m'mabuku mokha. Ataphunzitsa ku Cagliari anabwerera ku Rome kumene anaphunzitsa zaka zoposa 30, ndipo mu 1957 anayambitsa ntchito yofukula ku Pyrgi, doko la mzinda wa Caere (dzina lakale la Cerveteri). Mu 1964 kumeneko kunapezeka timapepala titatu tagolide, tiwiri m'Chietrusikani, kamodzi m'Chifoinike, tonena za mfumu Thefarie Velianas ikupereka malo opatulika kwa mulungu wamkazi Uni, amene Afoinike anamutcha Astarte. Anthu anaganiza kuti Chietrusikani, chilankhulo chimene chinali chisanamveke bwino, chatseguka. Chinangotseguka pang'ono, chifukwa zolembazo sizifanana liwu ndi liwu.

Ndipo pachilankhulo pomwepa ndi pamene ndikadali njakata. Chietrusikani si m'bale wa Chilatini kapena Chigiriki. Abale ake odziwika ndi chilankhulo cha Araeti a ku Alps ndi cha pamwala wopezeka pachilumba cha Lemnos, kutali ku nyanja ya Aegean. Kafukufuku wa DNA wa mu 2021 anasonyeza kuti magazi a Aetrusikani sankasiyana kwenikweni ndi a anansi awo olankhula Chilatini, zimene zikumukomera Pallottino. Nanga bwanji anthu a magazi ofanana, oyandikana chonchi, awa anasunga chilankhulo chakale pamene awo anatenga china? Nanga cha ku Lemnos chinapita ndi ndani, kapena chinali komweko chikhalire? Nthawi zina ndimaganiza kuti Pallottino anayankha funsolo, nthawi zina ndimaona ngati anangolisuntha kulibweza m'mbuyo, kunthawi imene kulibe zolemba zoti n'kumutsutsa nazo. Pa mayeso ndilemba za kupangika kwa mtundu, koma za Lemnos zokhazo kaya.