Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Kadontho kakayamba kusintha

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinayamba ntchito m'kiliniki ya matenda a pakhungu. Lero ndiime kaye pa ntchito yeniyeniyo, chifukwa ambiri muli ndi timadontho takuda pathupi koma simudziwa kofunika kukaonetsa kuchipatala.

Timadontho tambiri n'topanda vuto, munthu amakalamba nato. Koopsa ndi kamene kayamba kusintha: mbali ina sikufanana ndi inzake, m'mphepete mwake mwachita manomano, mtundu wasakanikirana, kakula kupitirira mamilimita 6, kakuyabwa kapena kakutuluka magazi musanakakande.

Kwa ife akhungu lakuda, khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma imakonda kubisala kuphazi, m'chikhatho ndi kunsi kwa chikhadabo, komwe imaoneka ngati mzere wakuda womka nukula. Izi n'zimene zimandiwawa mtima. Munthu amangoti ndinaponda minga, n'kumathira mankhwala a zilonda miyezi ndi miyezi, pofika kwa ife mwanabele watupa kale m'mphechepeche. Chilonda cha kuphazi chikatha mwezi osapola, musadikirenso. Abale athu achialubino, inu muziyang'ana nkhanambo zokhakhala pankhope, m'makutu, pamilomo ndi kumbuyo kwa khosi. Zikapezeka msanga timangoziwotcha ndi nayitrojeni wamadzi wozizira kwambiri zisanasanduke khansa.

Kamodzi pamwezi dziyang'aneni thupi lonse masana powala. Ikani rula pambali pa kadonthoko, jambulani ndi foni, lembani deti. Kumsana ndi m'mutu akuonereni wina.

Opaleshoni yochotsa kadontho ndi yaing'ono, sitigonetsa munthu. Timatsuka pamalopo, n'kubaya jakisoni wa lidocaine wochititsa dzanzi, amene amaluma kamphindi kochepa. Kadontho kokayikitsa timakadula konse pamodzi ndi khungu labwino la mamilimita 2 kuzungulira, mpaka kufika pa mafuta a kunsi kwa khungu. Bala timalidula motalika ngati tsamba la mango, m'litali katatu kuposa m'lifupi, kuti posoka khungu lisakwinyike kumapeto. N'chifukwa chake chipsera chimatalika kuposa kadonthoko, musadabwe nazo.

Pabalapo pasanyowe kwa masiku awiri. Ulusi wa pankhope timachotsa pakatha masiku 5 mpaka 7, wa kumsana ndi m'miyendo masiku 10 mpaka 14. Mukasenza katundu kapena kugwira khasu msanga, bala la kumsana limang'ambika. Likafiira, kutentha, kugunda kapena kutuluka mafinya, bwererani tsiku lomwelo. Ngati thupi lanu limapanga zipsera zotupa, nenani tisanadule, makamaka pachifuwa, paphewa ndi pakhutu.

Chonde, musadule nokha ndi lezala, musamange ndi ulusi, musawotche ndi mankhwala. Mumangochotsa chapamwamba, khansa n'kutsala mkati, ndipo palibenso choti n'kupima. Kanyama kodulidwako kayenera kuikidwa m'kabotolo ka formalin, mankhwala oteteza kuti kasawole, n'kutumizidwa ku labotale. Funsani ngati katumizidwadi, funsaninso tsiku lodzamva zotsatira, ndipo mupite ngakhale bala litapola bwinobwino. Zikasonyeza melanoma timadulanso kachiwiri, nthawi zambiri sentimita imodzi kapena ziwiri kuzungulira chipseracho malinga ndi mmene yalowera pansi, n'kupimanso anabele a m'khwapa, m'khosi ndi m'mphechepeche.