Moto Umene Unadutsa Kumwamba Usiku wa Dzulo

Dzulo cha m'ma 8 koloko usiku, magetsi atazima kuno ku Liwonde, tinali pakhonde tikuotha mbaula pamene bwalo lonse linayera mwadzidzidzi, moti ndinaona bwinobwino zovala zimene zinali pachingwe ndi chithunzithunzi cha mtengo wa mango pansi. Nditatukula maso ndinaona moto wobiriwira ukuthamanga kuchokera kummawa, ukukoka mchira wautali, ndipo usanazime unagawanika tizidutswa tofiira. Zonsezi zinachitika m'masekondi ochepa, popanda phokoso lililonse.

Agogo anagwira pakamwa nanena kuti, "Ana inu, lowani m'nyumba, imeneyo ndi ndege ya afiti." Achimwene anga anaumirira kuti chinthucho chagwera kuseri kwa phiri ndipo akachifunafuna kukacha.

Mmawa uno ndawaletsa ulendowo, chifukwa maso amanamiza kwambiri pa nkhani ya mtunda. Chimene tinaona si nyenyezi yothothoka monga timanenera, koma mwala wochokera kunja kwa dziko, umene umalowa mu mpweya pa liwiro la makilomita pakati pa 11 ndi 72 pa sekondi imodzi, n'kuyamba kuyaka uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 100 kumwamba. Pa msinkhu wotere anthu a m'maboma otalikirana amauona nthawi imodzi, ndipo aliyense amalumbira kuti wagwera kuseri kwa phiri la kwawo. Miyala yambiri imakhala yaing'ono ngati njere ya mchenga ndipo imapsa yonse. Umene wawala kuposa nthanda, monga wadzulowu, umakhala wokulirapo, komabe nawonso kawirikawiri umathera m'mwamba momwemo.

Ngakhale zili choncho, sindikuwaseka achimwene, pakuti m'boma lathu lino la Machinga munagwadi mwala wotere mu Januwale 1981, wolemera makilogalamu oposa 90, ndipo akatswiri amautchula ndi dzina la bomali mpaka lero. Ku Botswana nakonso, mu Juni 2018, mwala umene akatswiri anauona maola ochepa usanafike unaphulika kumwamba, ndipo zidutswa zake zinakapezeka m'nkhalango ya Central Kalahari patapita masabata, atawerengera njira yake pogwiritsa ntchito makamera amene anaujambula. Ife dzulo palibe amene anajambula, chifukwa mafoni onse anali atatha moto, choncho achimwene avomera kupita kudimba.