Batani limodzi la Amayi

Loweruka, ku Chilenje.

Dzulo pobwera kuntchito ndinapeza Amayi ali phee pabalaza, manja pamiyendo, TV yozimitsa. Patha milungu itatu chibwerereni kuchokera ku Katete kudzaonetsa bondo kuchipatala, ndipo ine ndinkangoti masana amaonera makwaya awo. Nditafunsa anati, "Mwanawe, timitengo tako tinayiti ndimatiopa. Ndingadine polakwika, n'kukuwonongera katundu." Mtima unandipweteka. Ife tikapita kuntchito, ana kusukulu, iwo amatsala okhaokha mpaka dzuwa kupendeka.

Sakunama. Marimoti alipodi anayi: ya TV, ya dikoda, ya DVD, ndi ya ampulifaya imene imayendetsa masipika. Kuti uone nkhani zokha, uyatse zinthu zitatu, usankhe HDMI 1 pa TV, usankhenso khomo loyenera pa ampulifaya.

Choncho lero m'mawa ndinatulutsa Harmony 650, rimoti imodzi yolamula zipangizo zingapo, imene alamu anga anandisiyira chaka chatha. Kampani ya Logitech inaleka kupanga marimoti amenewa mu 2021, ndiye aliyense amene ali nayo aisunge bwino. Ndinailumikiza ku laputopu ndi chingwe cha USB, mwana wanga wamkazi n'kukwawira kuseri kwa kabati ndi tochi ya foni kumandiwerengera manambala a chipangizo chilichonse. Chimene ndaikondera rimotiyi n'choti imafunsa chimene munthu akufuna kuchita, kuonera TV kapena kumvera nyimbo, kenako yokha imatumiza malamulo onse motsatana ukadina kamodzi.

Ampulifaya ndiye inatidyera nthawi. Ndi yakale, dzina lake silinapezeke pamndandanda, kotero tinayenera kuiphunzitsa rimoti yatsopano. Umaika marimoti awiriwo moyandikana patebulo, n'kumadina batani limodzilimodzi pa yakaleyo, inayo n'kumaloweza. Zimalankhulana ndi kuwala kwa infrared kumene maso athu saona, ndipo m'marimoti ambiri kumaphethira ka 38,000 pa sekondi imodzi. Tinadina, tinadina, osamva kanthu. Ndinakumbukira kuti kamera ya foni imakuona kuwalako, ndiye tinaloza rimoti yakaleyo ku kamera: mdima. Mabatire anali atatha. Mnyamata anathamangira pa kantemba, ndipo titaikamo atsopano kanyali kofiirira kanayamba kuthwanima pafoni. Ana anakuwa, "Ambuya, bwerani mudzaone!" Amayi anabwera ndi ndodo yawo, nayang'anitsitsa nthawi yaitali.

Poyesa koyamba zonse zinayaka, koma chithunzi panalibe. TV imatenga kanthawi kuti idzuke, ndipo lamulo losankha HDMI linkafika isanakonzeke. Ndinawonjezera masekondi angapo odikira. Ndinazimitsanso HDMI-CEC, njira imene zipangizo zimalamulirana zokha kudzera pa chingwe cha HDMI, imene pa Samsung amaitcha Anynet+, kuti wolamula pabalaza akhale mmodzi.

Cha m'ma 14 koloko malaiti anapita. Atabwera ndinaphunzira chinthu chimene sindikanachidziwa mwina. Rimoti ilibe maso, imangokumbukira zimene inachita komaliza. Dikoda ili ndi lamulo limodzi loyatsira ndi kuzimitsira, choncho itayaka yokha magetsi atabwera, rimoti inkaiyesa yozima, ndipo poti iiyatse inaizimitsa. Lilipo batani la Help lokonzera zotere, koma limafunsa mafunso m'Chingerezi pa kagalasi kakang'ono, ndipo Amayi sangalimbane nalo ali okha. Ndinabwereranso ku laputopu n'kuiuza rimoti kuti isamaikhudze dikoda, dikodayo izikhala yoyaka nthawi zonse. Idya timayunitsi pang'ono, inde, koma ndalolera.

Madzulo mkazi wanga anadontheza utoto wofiira wa zikhadabo pa batani loonera TV, ndipo marimoti anayi aja tinawatsekera m'dirowa.

Itatsala pang'ono 19 koloko, nthawi ya nkhani pa ZNBC, ndinaika rimoti m'manja mwawo. "Amayi, dinani pofiirapa. Mulozetse kutsogolo, musatsitse dzanja mpaka mutamva mawu." Ulendo woyamba anatsitsa msanga, ampulifaya sinalandire. Ndinatsala pang'ono kuwalanda kuti ndikonze, koma mkazi wanga anandigwira mkono. Tinazimitsa zonse, iwo anayambanso, dzanja lili njenjenje koma lili m'mwamba. TV inayaka, ampulifaya inati thapu, mawu a wowerenga nkhani anadzaza nyumba.

Sanaseke, sanaombe m'manja. Anangoika rimoti pachitenje chawo, dzanja lili pamwamba pake, mpaka nkhani zinatha. Kenako anandiyang'ana nati, "Mawa tikabwera kutchalitchi undionetse pochepetsera mawu. Masipika akowa akundigunda pachifuwa."

Utoto uja watsalako. Mawa tidontheza pa batani lachiwiri.