Chimene chinatembenuza aphungu a ku America pa nkhani ya utsi

Mu 2008, anthu a ku America anaona pa kanema a Nancy Pelosi a chipani cha Democratic ndi a Newt Gingrich a chipani cha Republican atakhala pa mpando umodzi, akunena kuti ngakhale amasiyana pa zambiri, akugwirizana kuti dziko lawo lichitepo kanthu pa kusintha kwa nyengo. Chaka chomwecho a John McCain, amene ankaimira Republican pa chisankho cha pulezidenti, ankalonjeza lamulo loika malire pa utsi wotenthetsa dziko wochokera m'mafakitale ndi m'malo opangira magetsi, ndipo sikunali kungokopa anthu, chifukwa mu 2003 iwo ndi phungu mnzawo a Joe Lieberman anali atabweretsa kale bilu yotere ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za dzikolo. Patangotha zaka zitatu, a Gingrich anali kunena poyera kuti kukhala pa mpando uja kunali kupusa.

Akatswiri a zanyengo sanali atasintha mawu awo m'zaka zitatuzo. Ine ndimaona kuti chimene chinasintha n'chakuti aphungu anayamba kuopa anthu a m'chipani chawo chomwe.

Mu June 2009, nyumba inayo ya malamulo, ya House of Representatives, inavomereza bilu ya Waxman-Markey ndi mavoti 219 kwa 212. Biluyo inkafuna kuti boma liike malire a utsi wonse, makampani azikhala ndi zilolezo za utsi umene akutulutsa, ndipo amene wachepetsa utsi wake azigulitsa zilolezo zotsala kwa anzake. A Republican 8 okha ndiwo anaivomereza, pamene a Democratic 44 anaikana. Otsutsa anaipatsa dzina la msonkho wa magetsi, ndipo bungwe la Americans for Prosperity, lothandizidwa ndi banja la Koch lomwe chuma chake chili m'mafuta, linkasainitsa andale lonjezo lokana msonkho uliwonse wokhudza nyengo. Ku Senate biluyo inafa osavoteredwa n'komwe, a Lindsey Graham a Republican atachoka pa zokambirana mu April 2010.

Nkhani ya a Bob Inglis, phungu wa Republican wa ku South Carolina, ndiyo inakhala chenjezo kwa onse. Iwo anavota mokana bilu ija, koma ankanena mosabisa kuti zochita za anthu zikutenthetsa dziko ndipo ankafuna msonkho wa utsi. M'mapulaimale a 2010 anagonja kwa a Trey Gowdy osapeza ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a mavoti. Panali zifukwa zinanso, monga voti yawo yopulumutsa mabanki mu 2008, koma anzawo anatolapo phunziro limodzi lokha, loti kulankhula za nyengo kungawaluzitse mpando. Amene amatsatira ndale zathu akudziwa kuti m'dera limene chipani chimodzi chinazika mizu, phungu amaopa mapulaimale kuposa chisankho chenicheni.

Mantha amenewa sanali a chipani chimodzi. Mu 2010 momwemo a Joe Manchin a Democratic, ochokera ku West Virginia kumene anthu amadalira migodi ya malasha, anatulutsa kanema wa kampeni akuwombera pepala la biluyo ndi mfuti.

Kuyambira pamenepo luso linakhala losankha mawu. Mu January 2015, Senate inavomereza ndi mavoti 98 kwa 1 kuti kusintha kwa nyengo n'koona, ndipo ngakhale a Jim Inhofe a Republican, amene kwa zaka ankati nkhaniyi ndi chinyengo, anavomereza nawo ponena kuti nyengo yakhala ikusintha kuyambira kalekale. Atawonjezerapo mawu oti anthu ali ndi mbali yaikulu pa vutoli, mavoti anatsikira pa 50. Mwezi wotsatira a Inhofe analowa m'nyumbamo ndi chibulunga cha chipale chofewa, ati kusonyeza kuti kunja kukuzizirabe. Masiku ano aphungu ambiri a Republican sakananso vutoli poyera, koma amaloza ku China, ku mitengo ya mafuta ndi ku ntchito za m'migodi, ndipo voti imakathera pomwe paja. Ife amene tinaona zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe mu 2023 sitingaione nkhaniyi ngati yakutali, popeza tikawerengera kuyambira kale palibe dziko limene latulutsa utsi wochuluka kuposa America.

Lamulo la Inflation Reduction Act la 2022, limene a Manchin omwe aja analithandiza kudutsa, silinaike malire a utsi, koma linachepetsera msonkho makampani opanga magetsi a dzuwa, a mphepo ndi mabatire. Palibe wa Republican amene analivotera. Mafakitale atayamba kumangidwa m'madera awo, aphungu 18 a chipanichi analembera sipikala Mike Johnson mu August 2024 kupempha kuti thandizolo lisachotsedwe lonse. Bilu yodula mbali yaikulu ya thandizolo itafika pa voti yomaliza ku House of Representatives mu July 2025, inadutsa ndi mavoti 218 kwa 214, ndipo a Republican amene anaikana anali awiri okha.