Loweruka: kukuta mphuno ya Cutty Sark ndi timatabwa

Lero ndayamba kukuta kachombo kanga ndi timatabwa ta m'mbali, ndipo gawo lalikulu la tsiku lathera pamphuno pake, pomwe thabwa limayenera kupindika ndi kupotoka nthawi imodzi. Chombo chomwe ndikupanga chifanizo chake ndi Cutty Sark, chomwe chinamangidwa ku Dumbarton m'dziko la Scotland n'kulowetsedwa m'madzi pa 22 November 1869, ndipo masiku ano chimasungidwa pamtunda ku Greenwich, mumzinda wa London. Ndikugwiritsa ntchito sikelo ya 1:96, kutanthauza kuti sentimita imodzi patebulo panga ikuimira masentimita 96 a chombo chenicheni. Thunthu lake, lomwe ndi pafupifupi mamita 65 m'litali ndi mamita 11 m'lifupi, latsika mpaka masentimita 67 ndi 11, moti mmalinyero wamtali bwino atati aimirire pamenepo sangakwane masentimita awiri.

M'mawa wonse sindinatsegule botolo la guluu. Msana wa kachomboka ndi nthiti zake zapulayiwudi zinali zitamangidwa kale, koma m'mphepete mwa nthiti iliyonse munali mukadali mowongoka monga momwe macheka anadulira. Thabwa silingagone bwino pa nthiti yotero, makamaka kutsogolo ndi kumbuyo komwe thunthu limapanikizika. Limangokhudza pangodya imodzi, ndipo guluu alibe pogwira. Choncho ndinamata sandipepa pa kamtengo katali kofikira nthiti zitatu nthawi imodzi n'kuyamba kupala pang'onopang'ono, ndikumaima kawirikawiri kuti ndigoneke kathabwa kopyapyala, kofewa, kuchokera kumphuno mpaka kumbuyo. Kathabwako ndi kamene kamaweruza. Pomwe kadumpha nthiti, ndiye kuti nthitiyo ndi yotsika ndipo imafuna kuimatirira kachidutswa. Pomwe katukuka, nthitiyo ndi yokwera ndipo sandipepa ayenera kubwererapo. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ndipo munthu wolowa m'chipindamo sangaone chomwe chasintha kuyambira m'mawa, koma ambiri omwe amadandaula kuti matabwa akuwavuta amakhala kuti anathamangira pa sitepe yomweyi.

Ndili mkati mopala ndi pomwe ndinamvetsa bwino zomwe Hercules Linton, yemwe anajambula chombochi, ankafuna. Pa pepala mizere ya thunthu imaoneka ngati mizere basi, koma chala chikamayenda pa nthiti zakutsogolo chimamva mmene mphuno imayambira yopyapyala kwambiri, n'kumakula mwapang'onopang'ono popanda podzidzimutsa mpaka pakati. Mwini wake, John Willis, ankafuna chombo chothamanga chokatenga tiyi ku China, chifukwa tiyi woyamba kufika ku London m'nyengo iliyonse ankagulidwa pamtengo wabwino. Mphuno yakuthwayo inkang'amba madzi m'malo mowakankha, ndipo ndi chifukwa china chomwe chombochi chinkatha kupitirira ma knot 17, liwiro loposa makilomita 30 pa ola, ndi mphepo yokha. Chomvetsa chisoni n'chakuti ngalande ya Suez inatsegulidwa masiku asanu okha chombochi chisanalowe m'madzi. Sitima zoyendera nthunzi zinapeza njira yachidule yomwe zombo za matanga sizinkatha kuigwiritsa bwino ntchito, ndipo pofika 1877 Cutty Sark inali itanyamula tiyi wake womaliza.

Nditakhutira ndi nthiti, ndinayamba kuyeza. Vuto lomwe aliyense wopanga zifanizozi amakumana nalo ndi lakuti mtunda wochokera pamsana kukafika pamwamba ndi wautali pa nthiti ya pakati koma waufupi pa nthiti zakumphuno, pomwe chiwerengero cha matabwa chiyenera kukhala chofanana. Njira yake ndi kudula timapepala titalitali, kukulunga kamodzi m'mphepete mwa nthiti iliyonse, kulemba poyambira ndi pothera, kenako kugawa mtundawo ndi chiwerengero cha matabwa. Yankho lake limakuuza kuti thabwa liyenera kukhala lalikulu bwanji pamalo amenewo. Timatabwa tanga ndi ta mamilimita asanu m'lifupi, ndipo pa nthiti yoyamba kuwerengera kunandipatsa mamilimita atatu. Ndinasangalala ndi chiwerengero chimenechi chifukwa lamulo lomwe amisiri amatsata ndi lakuti thabwa lisachepetsedwe kupitirira theka la m'lifupi mwake, ndipo lisathere pansonga yosongoka. Chifukwa chake chimachokera ku zombo zenizeni: nsonga yopyapyala ilibe malo okhomapo bawuti, ndipo imang'ambika n'kulowetsa madzi. Kukakhala kuti malo achepa kwambiri, matabwa awiri amalumikizidwa kuti apitirire ngati limodzi, pomwe kumbuyo, komwe thunthu limatambasuka, amalowetsapo kathabwa kowonjezera. Pa chifanizo palibe madzi oti alowe, komabe diso la munthu wodziwa zombo limathamangira pamenepo.

Kuchepetsa thabwa kumachitika mbali imodzi yokha, ya pamwamba, ndi mpeni wakuthwa woyenda motsatira rula yachitsulo, kenako n'kusalaza ndi sandipepa. Ndimaonetsetsa kuti mpeni ukuyenda mbali yomwe ulusi wa mtengo ukuukankhira kunja, chifukwa ukayenda mosemphana umalowera mkati n'kudya gawo lofunika. Ndimachepetsa awiri pamodzi, la kumanja ndi la kumanzere, kuti afanane ndendende.

Kupinda ndiye kunatenga nthawi yaitali. Mtengo wa basswood, womwe ndikugwiritsa ntchito pa chikuto choyamba, ndi wofewa ndipo umamvera, koma umathyoka ukakakamizidwa uli wouma. Ndinaviika nsonga zake m'madzi otentha kwa kanthawi, kenako n'kuzigoneka pa chitsulo chotentha chobulungira ndi kuzikanikiza mofatsa mpaka zitatenga maonekedwe a mphuno. Anthu ambiri amaganiza kuti madzi ndi amene amapinda thabwa, pomwe ntchito yaikulu imagwiridwa ndi kutentha, komwe kumafewetsa zomwe zimamanga ulusi wa mtengo pamodzi. Madzi amangothandiza kuti kutenthako kulowe mkati komanso kuti thabwa lisapserere. Likazizira limasunga mpindo wake. Chofunika china ndi kulisiya kuti liume lili pamalo pake, litagwidwa ndi mapini, musanalimate, chifukwa thabwa lonyowa limakhala lotupa, ndipo likamatidwa choncho limadzachepa n'kusiya mpata pakati pa ilo ndi linzake. Mlingo wanga ndi wakuti thabwa lopindidwa bwino liyenera kugona pa nthiti popanda chala kulikakamiza. Ngati likufuna mphamvu kuti likhale pansi, ndiye kuti silinapindike mokwanira, ndipo lidzakhala likulimbana ndi guluu kwa zaka zonse.

Pomata ndinatsata dongosolo losinthanasinthana, limodzi kumanja kenako limodzi kumanzere. Matabwa akachuluka mbali imodzi amakoka msana n'kuupotoza, ndipo kachombo kopotoka msana sikangawongokenso ngakhale milongoti itaima bwino chotani. Guluu wake ndi woyera wa matabwa. Guluu uja wogwira pompopompo ndimamupewa pa ntchito iyi, chifukwa amalowerera m'thabwa n'kusiya banga lomwe vanishi amalionetsa poyera, komanso sapereka mpata wosuntha thabwa likakhala kuti lagona mopendekeka.

Masana, podikira kuti guluu agwire, ndinatenga kachidutswa kotsala n'kuyeserapo zitsulo zokutira pansi pa thunthu. Cutty Sark inamangidwa mosakaniza, nthiti zachitsulo koma matabwa amtengo, wa teak kumtunda ndi wa rock elm kumunsi. Nthiti zachitsulo zinkatenga malo ochepa poyerekeza ndi zamtengo, zomwe zinkasiya malo ambiri a katundu, pomwe matabwa ankalola kuti pansi pakutidwe ndi chitsulo choteteza ku nyongolotsi zoboola mitengo, ndere ndi tinkhono tomata, zomwe zimachedwetsa chombo m'nyanja zotentha. Chitsulocho sichinali mkuwa weniweni koma cha mtundu wa Muntz, chomwe George Frederick Muntz wa ku Birmingham analembetsa kuti ndi luso lake mu 1832, chosakaniza magawo pafupifupi 60 a mkuwa ndi 40 a zinki. Chimaoneka chachikasu, osati chofiirira, n'chifukwa chake zifanizo zambiri za chombochi zomwe pansi pake pamafiira ngati waya wa magetsi zimandikhumudwitsa. Pa sikelo yanga chitsulo chilichonse chikubwera pafupifupi mamilimita 13 m'litali ndi osakwana anayi m'lifupi, ndipo zidzafunika zochuluka zedi, zoyalidwa mopiringizana kuyambira kumbuyo. Ndayesa kudinda timitu ta misomali pa zingapo n'kusiya zina zosalala, ndipo nditaziyang'ana ndili chapatali pang'ono ndagamula kuti zikhale zosalala. Mutu wa msomali weniweni ukagawidwa ndi 96 umakhala kanthu koti diso silingaone, ndipo womwe ukuoneka bwino pa chifanizo ungakhale waukulu ngati chibakera pa chombo chenicheni. Sikelo imalamula zoikapo, koma imalamulanso zosiya.

Chakumadzulo kunabwera mnzanga wina wachikulire yemwe wakhala akupanga zifanizo zotere kwa nthawi yaitali kuposa ine. Atayendetsa chala chake m'mbali mwa mphuno osanena kanthu, anandifunsa kuti, “Kodi inu mukumanga Cutty Sark ya chaka chiti?”

Funso limeneli ndi lolemera kuposa mmene likumvekera, chifukwa chombochi chinasintha kambiri. Poyamba chinali ndi milongoti italiitali, waukuluwo wa mamita pafupifupi 46 kuchokera pabwalo la chombo, ndi matanga okwana pafupifupi masikweya mita 3,000. Mu 1880 milongotiyo inafupikitsidwa ndipo matanga ena anachotsedwa kuti chiziyenda ndi amalinyero ochepa. Mu 1895 chinagulitsidwa kwa Apwitikizi omwe anachitcha Ferreira, ndipo mu 1916 mkuntho utathyola milongoti yake kufupi ndi Cape of Good Hope, chinakonzedwa ku Cape Town ndi dongosolo lina la matanga. Kaputeni Wilfred Dowman anachigula mu 1922 n'kuchibwezeretsa maonekedwe ake akale, mu 1954 chinalowa m'doko louma ku Greenwich, ndipo mu May 2007 chinagwira moto pomwe chinkakonzedwa, n'kudzatsegulidwanso mu 2012. Munthu akatenga milongoti ya chaka china, tinyumba ta pabwalo ta chaka china ndi utoto wa chaka chinanso, amapanga chombo chomwe sichinayendepo panyanja.

Mnzangayo amakonda chaka cha 1872, pomwe Cutty Sark inanyamuka ku Shanghai tsiku limodzi ndi Thermopylae, chombo china cha tiyi chomwe inkapikisana nacho, n'kutsogola ndi mtunda wautali, mpaka chiwongolero chake chitathyoka ndi mkuntho m'nyanja ya Indian. Amalinyero, motsogozedwa ndi kalipentala wa m'chombomo, anapanga chiwongolero china ali pakati pa nyanja, ndipo anafika ku London patangotha sabata imodzi mnzawo atafika. “Pamenepo ndiye chinali chombo, ndi matanga ake onse,” anatero iwo, “enawa ndi masiku a ukalamba.” Ine ndinawayankha kuti, “Akuluakulu, ukalamba umenewo ndi womwe unabweretsa mbiri.” Zaka zomwe chombochi chinaposa zinzake zonse ndi za ubweya wa nkhosa wochokera ku Australia, makamaka kuyambira 1885 pomwe Kaputeni Richard Woodget anachitenga n'kuyenda ulendo wochokera ku Sydney kupita ku England m'masiku 73, ndi milongoti yofupikitsidwa yomweyo. Ndili ndi chifukwa chinanso chomwe kwa wopanga zifanizo n'chachikulu kuposa mbiri: Woodget ankajambula zithunzi, ndipo zina mwa izo zilipobe, moti pa zaka zimenezo pali umboni woona ndi maso m'malo mongodalira zojambula za akatswiri a penti, omwe nthawi zina ankakongoletsa kuti akondweretse wogula.

Sitinagwirizane, ndipo sikunali kofunika kuti tigwirizane, koma funso lawo landikakamiza kugamula lero nkhani yomwe ikanadikira mpaka thunthu litatha. Kachomboka kadzakhala ka 1885. Atapita ndinatsegula mapulani a milongoti n'kulemba ndi pensulo zonse zoyenera kufupikitsa ndi matanga oyenera kuchotsa, kenako ndinawerengera ulusi. Zingwe za chombo chenicheni zikalumikizidwa zimakwana pafupifupi makilomita 18, zomwe pa sikelo yanga ndi mamita oposa 180 a ulusi wa makulidwe osiyanasiyana, wakuda pa zingwe zochirikiza milongoti zomwe zinkapakidwa phula, ndi wotuwira pa zokokera matanga.

Mapini ndawasiya pamalo pake kuti guluu aume usiku wonse. Mawa ndiyamba ndi thabwa loyandikana ndi msana, lomwe limagona chafulati pakati pa thunthu koma limayenera kupotoka mpaka kuima chilili pofika kumphuno, ndipo ndi lomwe lidzalamule kayendedwe ka matabwa onse a kumunsi.